Utsi wonunkhira mango: zomwe wogulitsa vape sakuuzani

Masiku ano ukalowa m'malo achisangalalo ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu Lachisanu usiku, sizachilendonso kuona mnyamata kapena mtsikana akusolola m'thumba kachinthu kooneka ngati cholembera chonenepa, n'kukaika pakamwa, kenako n'kutulutsa chimtambo choyera chonunkhira mango, mavwende kapena chingamu. Palibe machesi, palibe phulusa, palibenso fungo lija limakakamira pamalaya mpaka mayi kunyumba n'kukutulukira. Ena amakagula m'mashopu a m'tauni, ena amatuma wobwera kuchokera ku Joni, ena amangoona pa status ya WhatsApp n'kutumiza ndalama pafoni.

Ukafunsa mwini wake, yankho limakhala limodzimodzi: "Aise, ameneyu si fodya. Ndi nthunzi chabe." Mnzake pambali amawonjezera kuti ngakhale madokotala a ku Britain adavomereza. M'mawu amenewa muli kachoonadi pang'ono, ndipo n'chifukwa chake ndi ovuta kuwatsutsa pabawa. Koma kachoonadiko n'kochepa kuyerekeza ndi zomwe zimasiyidwa osanenedwa.

Tiyambe ndi kutsegula kachipangizoko. M'kati mwa vape muli batire longa la m'foni, kawaya kopota, kathonje ndiponso madzi ake. Ukakoka mpweya, batire limatenthetsa kawayako, ndipo madzi omwe anyowetsa thonje amasanduka chimtambo chija. Madziwo si a pampopi ayi. Mbali yaikulu ndi mankhwala awiri, propylene glycol ndi glycerine, kuphatikizapo zokometsera fungo, ndiye pamwamba pake chikonga, chomwe pachingerezi amati nicotine. Chikonga cha m'ma vape ambiri amachita kuchifinya m'masamba a fodya. Choncho mawu akuti "si fodya" ali ngati kunena kuti kachasu si mowa poti mulibe masese.

Ndipo chimtambocho si nthunzi ngati ya pamphika wa nsima. Ndi timadontho ting'onoting'ono ta mankhwala aja, tomwe timalowa mpaka pansi penipeni pa mapapo.

Amene adapanga ndudu yamagetsi ya mtundu womwe tikuudziwa lero ndi Hon Lik, katswiri wa zamankhwala wa ku China, m'chaka cha 2003. Iyeyo ankasuta kwambiri, ndipo bambo ake, omwenso ankasuta, adamwalira ndi khansa ya m'mapapo. Cholinga chake chidali chomveka: munthu amene wakodwa kale ndi fodya apeze chikonga chake popanda kuwotcha chilichonse. Sadapangire mwana wa Fomu 3 amene sadakhudzepo ndudu chibadwire. Koma malonda alibe chisoni. Pofika 2013, umwini wa luso la Hon Lik udali utagulidwa ndi Imperial Tobacco, imodzi mwa makampani akuluakulu a ndudu padziko lonse.

Zinthu zidasinthiratu mu 2015 pamene anyamata awiri omwe adaphunzira pa yunivesite ya Stanford, Adam Bowen ndi James Monsees, adatulutsa vape yotchedwa Juul ku America. Idali yopyapyala, yooneka ngati flash, yotchajira pa laputopu. Koma udolo wake weniweni udali m'madzimo. Chikonga chikachuluka chimakanda pakhosi, munthu n'kutsokomola, ndipo kukandako ndiko kumachenjeza thupi kuti basi zakwana. A Juul adasakaniza chikonga ndi asidi wina wotchedwa benzoic, n'kupanga zomwe amati nicotine salt, zomwe zimatsika pakhosi myaa ngakhale chikonga chili chambiri. Kampaniyo yokha inkanena kuti kabotolo kamodzi kakang'ono kali ndi chikonga chofanana ndi paketi ya ndudu 20. Adathiramo fungo la mango, n'kudzaza Instagram ndi zithunzi za achinyamata otchena. Pofika 2019, ophunzira oposa 27 mwa 100 alionse a m'sukulu za sekondale ku America ankasuta vape. Kampani ya Altria, yomwe imapanga Marlboro kumeneko, idagula gawo la Juul pamtengo wa madola 12.8 biliyoni mu 2018. Mu 2022 a Juul adavomera kulipira madola 438.5 miliyoni pofuna kuthetsa milandu yoti ankatsatsa malonda awo kwa ana.

Njira ya nicotine salt ija ndi yomwe ili m'ma vape ambiri otaya akatha, aja amitundu yowala omwe pabokosi pake amalemba kuti ma puff 5 000 kapena 10 000. Ambiri mwa iwo amapangidwa mumzinda wa Shenzhen ku China.

Tsopano tengani bokosi la vape yanuyo, kapena ya mnzanu, muyang'ane kumbali. Mukapeza palembedwa 5%, kapena 50mg, dziwani kuti m'mililita imodzi iliyonse ya madziwo muli mamiligalamu 50 a chikonga. Ngati kachipangizoko kali ndi mamililita 10, ndiye kuti mwanyamula mamiligalamu 500 m'thumba. Munthu akasuta ndudu imodzi, chikonga chomwe chimalowa m'magazi ake chimakhala pakati pa miligalamu imodzi ndi awiri. Inde, si chonse cha mu vape chimene chimafika m'magazi. Koma tingoyerekeza kuti chalowa ndi gawo limodzi lokha mwa magawo asanu: amenewo ndi mamiligalamu 100, kutanthauza ndudu zapakati pa 50 ndi 100. Ndipo alipo anzathu omwe kachipangizo kotere sikawathera sabata. Ku Britain ndi m'maiko a European Union lamulo sililola kupyola mamiligalamu 20 pa mililita, yomwe ndi 2%. Kunena kwina, vape ya 5% yomwe mukujambulitsa nayo pa TikTok, mwini shopu ku London saloledwa kuigulitsa.

Pali chinanso chomwe anthu sachiganizira. Ndudu ili ndi mathero. Ukayatsa, pakapita mphindi zisanu yatha, ndipo kuti usutenso uyenera kutuluka panja, kupeza moto, kupirira maso a anthu. Vape ilibe mathero otero. Umakoka uli pabedi, uli kuchimbudzi, ukuonera mpira, ukudikira minibasi, ukuwerengera mayeso. Palibe amene amawerenga kuti wakoka kangati.

Chikonga chikalowa m'mapapo chimafika ku ubongo m'masekondi ochepa, n'kuchititsa kuti ubongo utulutse dopamine, yomwe imakupatsa kakukondwa kaja. Ukabwereza kambirimbiri ubongo umazolowera, ndipo chikonga chikachepa m'magazi umayamba kulira: kunyansidwa ndi zilizonse, mtima kusakhazikika, kulephera kuika maganizo pachinthu chimodzi. Ichi ndiye chibaba. Ukakokanso, zonsezo zimazizira, ndipo umati vape yandichotsa stress, pomwe stress yakeyo yabwera ndi vape yomweyo. Akatswiri amati ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka cha m'ma zaka 25, makamaka mbali yakutsogolo yomwe imathandiza kudziletsa ndi kupanga ziganizo. Ukauzoloweza chikonga usadakhwime, chibaba chimagwira msanga ndipo chimavuta kuchizula. Chikonga chimathamangitsanso mtima ndi kukweza BP, ndipo kwa mayi woyembekezera chimasokoneza kakulidwe ka mwana m'mimba.

Sitikufunika kupita kutali kuti tione mmene zimakhalira. Akatswiri a pa yunivesite ya Cape Town, motsogozedwa ndi Pulofesa Richard van Zyl-Smit, adafunsa ophunzira pafupifupi 25 000 a m'sukulu 52 za sekondale ku South Africa, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2024. Ophunzira pafupifupi 17 mwa 100 alionse adati amasuta vape, chiwerengero choposa kutali cha osuta ndudu wamba. Chomwe chidandidzidzimutsa ine ndi ichi: pafupifupi theka la osutawo adati amakoka vape ola lisanathe chidzukireni. Ameneyo si munthu woti akungochita za fasho. Ndi munthu woti thupi lake likumulamula. Ndipo tonse tikudziwa kuti chomwe chatchuka ku Joni lero sichichedwa kukwera basi.

Chodabwitsa n'chakuti ife Amalawi chikonga timachidziwa bwino kuposa anthu ambiri padziko lapansi. Funsani aliyense amene adathyolapo fodya wonyowa ndi mame ku Kasungu kapena ku Mchinji. Adzakuuzani za mutu waching'alang'ala, chizungulire, nseru ndi kusanza. Chimenecho ndi chikonga cholowera pakhungu. Mu 2009 bungwe la Plan lidatulutsa lipoti lonena kuti ana ogwira ntchito m'minda ya fodya kuno kwathu amatha kulowedwa mamiligalamu 54 a chikonga patsiku, zofanana ndi kusuta ndudu 50. Dziko lonse lidadandaula. Lero mwana wa m'tauni akulipira ndalama zake kuti amve chizungulire chomwecho, n'kumati "yandigunda bho".

Nanga nkhani ya madokotala a ku Britain ija? Ndi yoona, koma imafotokozedwa theka. Mu 2015 bungwe la boma la Public Health England lidanena kuti kuipa kwa vape n'kochepa ndi 95 peresenti poyerekeza ndi ndudu. Nambala imeneyi sidachokere poyeza odwala kwa zaka zambiri. Idachokera pa kuyerekeza kwa kagulu ka akatswiri, ndipo magazini ya zachipatala ya The Lancet idaidzudzula chaka chomwecho. Komabe mfundo yaikulu ambiri amaivomereza. Chomwe chimapha kwambiri mu ndudu ndi kuwotcha: utsi wake uli ndi mankhwala oposa 7 000, pafupifupi 70 mwa iwo oyambitsa khansa, kuphatikizapo phula lakuda lija ndi mpweya wa carbon monoxide. Vape siwotcha tsamba, choncho zambiri mwa izi mulibe kapena zilimo zochepa. Kafukufuku wina wa ku Britain yemwe adatuluka mu 2019 adapeza kuti mwa osuta omwe adapatsidwa vape kuti asiye ndudu, 18 mwa 100 alionse adali asadabwerere ku ndudu patatha chaka, pomwe mwa omwe adapatsidwa zigamba zomata pakhungu ndi chingamu cha chikonga adali pafupifupi 10 okha. Koma mwa omwe adasiya ndi vape aja, 80 mwa 100 alionse adali akuvepabe. Adasiya utsi, chibaba adatsala nacho.

Ndiye ngati bambo anu akhala akusuta paketi patsiku kwa zaka 20, n'kusiyiratu ndudu chifukwa cha vape, apindula. Ndikutsindika mawu oti kusiyiratu, chifukwa uyu wosuta ndudu masana, vape usiku, akungodzinamiza. Koma inu amene simudasutepo, 95 peresenti ija sikukukhudzani. Kugwa mumtengo wa mango kuli bwinoko kuposa kugwa pansanja ya netiweki, koma munthu amene waima pansi bwinobwino sakwera mumtengo kuti akagwe. Ngakhale mkulu wa madokotala ku England, Chris Whitty, adanena mosapsatira mu 2023 kuti wosuta ndudu ali bwino kusinthira ku vape, koma amene sasuta asayambe, ndipo kutsatsa vape kwa ana n'kosavomerezeka. Wogulitsa pa WhatsApp amangokuuzani mbali yoyambayo.

Chimtambo cha mango chija chilinso ndi zake. Kawaya kakatentha mopyola, makamaka madzi akatsala pang'ono kutha n'kuyamba kumveka kakupsa pakamwa, propylene glycol ndi glycerine zimasweka n'kutulutsa formaldehyde ndi acrolein, mankhwala owononga njira za mpweya. Akatswiri a pa yunivesite ya Johns Hopkins adapeza mu 2018 kuti tizitsulo monga mtovu, nickel ndi chromium timatha kuchoka pakawayako n'kulowa m'chimtambocho. Zokometsera fungo zambiri zidayesedwa kuti n'zosaopsa kudya, osati kupuma. M'mimba ndi m'mapapo ndi maiko awiri osiyana. Amene ali ndi mphumu amadziwa okha mmene chifuwa chimathinira. Kunena chilungamo, si zonse zoopseza zomwe zimayenda pa intaneti zili ndi umboni. Nthenda yotchedwa popcorn lung, yomwe anthu amakonda kuitchula, idapezeka mwa ogwira ntchito m'fakitale ya mbuliwuli ku America omwe ankapuma mankhwala a diacetyl, ndipo bungwe la Cancer Research UK limati palibe wodwala amene zidatsimikizika kuti adaitengera ku vape. Vuto lenileni ndi nthawi. Ndudu zidasutidwa kwa zaka makumimakumi asayansi asadatsimikize, cha m'ma 1950, kuti zimayambitsa khansa ya m'mapapo. Vape yangotha zaka 20 zokha. Mayeso a zomwe imachita m'mapapo pakatha zaka 40 akuchitikira pa m'badwo wathu uno.

Choopsa chapafupi kwambiri ndi kusadziwa chomwe chathiridwamo. Mu 2019 zipatala za ku America zidayamba kulandira achinyamata obanika, ena mpaka kuwaika pamakina opumira. Pofika February 2020, bungwe la CDC lidali litawerenga anthu 2 807 ogonekedwa m'chipatala, ndipo 68 adamwalira. Atafufuza adapeza kuti ambiri ankasuta ma vape a chamba ogulidwa mwamseri, omwe ogulitsa ankawasungunula ndi mafuta a vitamin E acetate kuti achuluke. Mafutawa ndi omwe timadzola pakhungu osavulala, koma m'mapapo ankamata. Ku England, mu 2024, akatswiri a pa yunivesite ya Bath adayeza ma vape 596 olandidwa m'sukulu, ndipo imodzi mwa zisanu ndi imodzi zilizonse idali ndi mankhwala ozunguza bongo otchedwa spice. Ku Singapore, mu 2025, boma lidalimbana ndi ma vape othiridwa etomidate, mankhwala ogonetsa munthu pochita opaleshoni. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Atsikana, mwaphunzira kale kusalandira botolo lotsegula kuchokera kwa munthu wosamudziwa pa club. Vape yongopatsirana nayo ndi chimodzimodzi.

Batire nalo lili ndi nkhani yake. Mu 2018 bambo wina wa zaka 38 ku Florida adafa vape itamuphulikira kumaso. Zotere sizichitika kawirikawiri, koma zifukwa zake n'zodziwika: chaja yosayenera, kusiya pamoto usiku wonse, batire lophwanyika, kapena kuliika m'thumba limodzi ndi makiyi ndi ndalama zachitsulo. Kuno kwathu, komwe timasiya chilichonse pasoketi podikira kuti magetsi akayaka pakati pausiku zitchajike tili mtulo, apa m'pofunika kusamala. N'chifukwa chakenso makampani a ndege salola vape m'chikwama chopita kunsi kwa ndege. Ndipo vape yotha musaiponye kudzala komwe mumatentha zinyalala. M'katimo mukadali batire la lithium, ndipo likapsa limaphulika. Ngati panyumba pali ana aang'ono, kumbukirani kuti kabotolo ka madzi onunkhira ngati switi kwa iwo ndi switi. Mu 2014 mwana wa chaka chimodzi ku New York adamwalira atamwa madzi a chikonga. Mwana akamwa kapena kudzithira, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, botololo lili m'manja.

Maiko akuyenda njira zosiyana. India idaletseratu ma vape mu 2019. Uganda idawaletsa kudzera m'lamulo lake la fodya la 2015. Ku Australia, kuyambira July 2024, amagulitsidwa m'mafamase mokha. Britain yomwe ija, yomwe imalimbikitsa osuta kuti asinthire ku vape, idaletsa ma vape otaya akatha kuyambira pa 1 June 2025, chifukwa cha ana komanso zinyalala: mu 2023 ankataya pafupifupi 5 miliyoni sabata iliyonse. South Africa idayamba kudula msonkho pa madzi a vape mu June 2023. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidati mu October 2025 anthu oposa 100 miliyoni amasuta vape, ndipo osachepera 15 miliyoni mwa iwo ndi ana a zaka zapakati pa 13 ndi 15.

Dziko la Malawi lidalowa m'pangano la WHO lolimbana ndi fodya mu 2023, mochedwa kwambiri poyerekeza ndi maiko ena, ndipo chifukwa chake tonse tikuchidziwa: fodya ndiye amatibweretsera ndalama zambiri zakunja. Nkhani iliyonse yokhudza kusuta imafulumira kusanduka nkhani ya mlimi. Koma apa mlimi wa ku Dowa sakhudzidwa. Vape imabwera yopangidwa kale kuchokera kunja, ndipo imadya ndalama zakunja zomwezo zomwe tikusowa pogula mafuta ndi mankhwala. Ine ndikuona kuti aphungu athu alibe chifukwa chochitira manyazi kufunsa mafunso osavuta: wogula akhale wa zaka zingati, chikonga chisapyole pati, ndani ayeze zomwe zili m'madzimo, ndipo n'chifukwa chiyani chinthu chomwe amati n'chothandiza madala kusiya fodya chizinunkhira ngati chingamu cha ana.

Kwa amene mwayamba kale, dziyeseni nokha. Kodi mukaiwala vape kunyumba mumabwerera? Batire likatha mumapsa mtima? Mumaifufuza pansi pa pilo musadatsuke mkamwa? Ngati ndi choncho, chibaba chagwira, ndipo kusiya kudzafuna dongosolo, osati kungolumbira pa 1 January. Masiku atatu oyamba ndiwo owawitsa: mutu, kukwiya, tulo tosowa, njala yosatha. Pakatha milungu iwiri mpaka inayi zambiri zimazilala. Chibaba chikabwera chimatenga mphindi zochepa n'kudutsa, choncho imwani madzi, yendani, tafunani chingamu, imbirani mnzanu. Ena zimawayendera kutsika pang'onopang'ono, kuchoka pa 5% kupita pa 2% mpaka kusiya. Uzani anzanu omwe mumacheza nawo kuti asakupatseni, ndipo masabata oyambawo chepetsani mowa, chifukwa botolo lachitatu silidziwa malonjezo. Chachikulu, musathawire ku ndudu kapena shisha poganiza kuti mukusiya vape. Kumeneko ndiye kukwera pansanja ya netiweki ija.

Ngati mukutsokomola kosalekeza, kubanika pokwera kamtunda komwe kale munkathamanga, kumva kupweteka pachifuwa kapena kutentha thupi, pitani kuchipatala. Zizindikiro zimenezi zimafanana ndi za chibayo ndi TB, ndipo dokotala adzayamba kuganiza za matenda amenewo. Akakufunsani ngati mumasuta, musayankhe kuti ayi poti simugwira ndudu. Muuzeni kuti mumavepa, kuyambira liti, kangati patsiku, ndiponso ngati mudakokapo ya munthu wina yomwe simukudziwa chomwe chidali m'kati. Kachipangizoko ndi bokosi lake mupite nazo akazione.